N'chifukwa chiyani marisiva a home theater samveka mofanana, ndipo musankhe njira iti?

Mukalumikiza masipika omwewo, m'chipinda chomwecho, ku risiva ya Denon kenako ku ya Yamaha, n'kuika filimu yomweyo, kawirikawiri mudzamva kusiyana. Ina imveka ya besi yodzaza, inzake imveka ngati yakokera mawu a anthu olankhula kutsogolo. Okonda zoimbira amatsutsana kwambiri pa nkhaniyi. Ena amati kampani iliyonse ili ndi kamvekedwe kake: Marantz ndi yofewa, Yamaha ndi yakuthwa, Onkyo ndi yaukali. Ena amati zonsezo n'zam'mutu, ampulifaya ndi ampulifaya basi. Ine ndimati kusiyanako kulipodi ndipo makutu anu sakukunamizani, koma kumene anthu ambiri amaloza chala si kumene kusiyanako kumachokera. Zimenezi zimandikhudza chifukwa munthu akalakwitsa gwero, amagula chinthu cholakwika.

Risiva, mtima wa home theater (zoimbira zoonerera mafilimu kunyumba), ndi bokosi limodzi, koma m'kati mwake mumachitika ntchito zingapo motsatizana. Imalandira mawu kudzera pa waya wa HDMI ali manambala okhaokha, imamasula Dolby kapena DTS, njira zimene mawu a filimu amasungidwira, n'kugawa mawuwo m'matchanelo, sipika iliyonse yake, kenako kakompyuta kake kotchedwa DSP kamawakonza molingana ndi zimene zatcheredwa. Zikatero DAC imasandutsa manambalawo kukhala magetsi a mawu, ndipo pomaliza maampulifaya, kaya 5, 7, 9 kapena 11, amakankha masipika. Paliponse pamenepa mawu angathe kusintha, koma osati mofanana. Otsatsa malonda amakonda kukamba za DAC ndi mawati chifukwa n'zosavuta kulemba pa katoni. Zimene zimasintha mawu kwambiri zili mu menyu, mmene ambiri amalowamo tsiku loyamba lokha.

Voliyumu kaye

Khutu la munthu lili ndi khalidwe lodziwika: zinthu ziwiri zofanana zikamalira, imene yakwerako pang'ono ndiyo imamveka bwino. Ndipo sitinena kuti yakwera ayi. Timati ili ndi moyo, besi yake ndi yolemera, chilichonse chikumveka. Kusiyana kwa 1 dB (dB ndi muyezo wa kukwera kwa mawu) n'kokwanira kutipusitsa. Harvey Fletcher ndi Wilden Munson a ku Bell Labs anasonyeza mu 1933 kuti khutu silimva mawu onse mofanana: voliyumu ikatsika, besi ndiyo imayamba kuzimirira, ndipo mukakweza imabwerera mofulumira kuposa mawu apakati. Ndiye kuti risiva imene yakwerako pang'ono imamvekadi ngati ili ndi besi yambiri, pamene sinawonjezere kalikonse.

Manambala a pa sikirini musawadalire. Denon imatha kusonyeza voliyumu kuyambira 0 mpaka 98, ndipo 80 pamenepo ndi chimodzimodzi 0 dB pa sikelo yake ina ya manambala ochotsera. Komanso -20 dB ya risiva ina imafanana ndi -20 dB ya inzake pokhapokha zonse ziwiri zitayezedwa ndi maikolofoni pa masipika omwewo.

Mu 1987 magazini ya ku America ya Stereo Review inafalitsa zotsatira za mayeso amene David Clark anachititsa. Anasonkhanitsa maampulifaya osiyanasiyana, kuyambira risiva wamba ya Pioneer mpaka maampulifaya apamwamba kwambiri a machubu, n'kulinganiza voliyumu mosamala, osawakakamiza kupyola mphamvu zawo, omvera osaona imene ikulira. Mayankho a omverawo, onse pamodzi, sanasiyane ndi kungolota. Mu 1994 Floyd Toole ndi Sean Olive a ku Harman anasonyezanso, poyesa masipika, kuti anthu amapereka malikisi ena akamaona dzina ndi maonekedwe a chinthu, ndi malikisi ena akamamvera kuseri kwa nsalu. Izi sizitanthauza kuti marisiva onse ndi amodzi. Zikutanthauza kuti maampulifaya abwino, akamagwira ntchito m'malire awo, amafanana kwambiri kuposa mmene timaganizira, ndipo kusiyana kwakukulu kumene timamva tikufufuze kwina.

Zimene zatcheredwa mu menyu

Kumasula Dolby TrueHD kapena DTS-HD Master Audio n'kumodzi pa risiva iliyonse yovomerezeka. Manambala amene anaikidwa ku situdiyo ndi omwewo amatuluka. Dolby Atmos, imene inayamba m'nyumba zoonetsera mafilimu mu 2012 n'kufika m'makomo mu 2014, imatsatiranso malamulo a Dolby mosayang'ana dzina la pa bokosi. Kusiyana kumayamba kumasulako kukatha.

Tengani nkhani ya Large ndi Small. Risiva ina ikayeza masipika anu akutsogolo imawalemba kuti Large, ndiye imawatumizira besi yonse mpaka pansi. Inzake imawalemba Small n'kudula pa 80 Hz, besi yotsala n'kupita ku sabuwufa, sipika ya besi yokhayokha. Hz ndi maulendo amene mpweya ukugwedezeka pa sekondi: manambala aang'ono ndi besi, aakulu ndi tirebo, ndipo khutu la mwana limamva kuyambira cha pa 20 Hz mpaka 20,000 Hz. Kudula pa 80 Hz ndi muyezo umene THX, kampani yoika miyezo ya mawu a mafilimu, inatchukitsa, ndipo umathandiza pawiri: besi imachokera ku chipangizo chimene chinapangidwira besi, komanso maampulifaya a mu risiva amapepukidwa katundu wolemera kwambiri. Marisiva awiri atasiyana pa chinthu chimodzi chokhachi, ngakhale mlendo wongodutsa pakhomo amva kusiyana.

Palinso timabatani tina timene timakhala toyaka mwini wake osadziwa. Dynamic EQ ya Audyssey imawonjezera besi ndi kukweza masipika akumbuyo mukamaonera motsitsa. Dynamic Volume, Night Mode ndi DRC zimafinya mawu kuti kuphulika kwa bomba kusakwere kwambiri ndipo manong'onong'o asatsike kwambiri. Cinema DSP ya Yamaha imawonjezera dala kamvekedwe ka holo. Ndipo nyimbo ya matchanelo 2 ikamwazidwa m'masipika onse, Dolby Surround ndi DTS Neural:X zimagawa mosiyana ndithu. Munthu akati risiva yakuti ili ndi besi yokoma, funso langa loyamba limakhala lakuti Dynamic EQ ndi yoyaka kapena ayi.

Chipinda, ndi pulogalamu yokonza chipinda

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ampulifaya yabwino imatulutsa mawu onse, kuyambira 20 Hz mpaka 20 kHz (20,000 Hz), mosapatuka ngakhale ndi theka la dB. Chipinda chanu chimapatutsa besi ndi 10 dB kapena kuposa. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi, amagunda khoma n'kubwerera, ndipo pa ma Hz ena obwererawo amaphatikana ndi opita n'kukula, pa ena amafafanizana. Chipinda chotalika mamita 5 chimakuza mawu a cha pa 34 Hz, komanso 69 Hz, ndipo m'lifupi ndi kutalika kwa denga zimawonjezera ma Hz awo. Ikani nyimbo ya besi yokhazikika muziyenda pang'onopang'ono kuchokera kukhoma kupita pakati: pakona imagunda pachifuwa, masitepe awiri okha yachepa, pakati penipeni mwina yasoweratu. Vuto limeneli limakula kwambiri pansi pa 200 kapena 300 Hz.

N'chifukwa chake risiva imabwera ndi kamaikolofoni. Mumakaika pa katatu ka kamera, pamene pamakhala mutu wanu mukakhala pa sofa, kataloza kudenga. Mumazimitsa fani, mumatseka chitseko, m'nyumba muli zii. Kenako sipika yakumanzere imalira tyuuu, tyuuu, kuchokera pansi kukwera m'mwamba, yapakati, yakumanja, zakumbuyo, mpaka sabuwufa imene imanjenjemeretsa magalasi a mawindo. Mumasuntha maikolofoni pang'ono n'kubwerezanso. Zikatha risiva imakusonyezani mtunda wa sipika iliyonse, voliyumu yake, ndi podulira besi. Mukaona kuti sabuwufa imene ili mamita 3 yalembedwa mamita 5, musakonze. Zamagetsi za m'kati mwa sabuwufa zimachedwetsa mawu pang'ono, ndipo kuchedwa kwa gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi n'chimodzimodzi masentimita 34. Risiva yawerengera kuchedwako kuti besi ifike limodzi ndi mawu ena.

Tsono pulogalamu iliyonse ili ndi maganizo ake pa mawu amene ikufuna kufikira, chimene amachitcha target curve. Kamvekedwe kamene anthu amati n'ka kampani, nthawi zambiri ndi maganizo amenewa.

Audyssey, imene imapezeka mu Denon ndi Marantz, ili m'magulu atatu: MultEQ, MultEQ XT ndi MultEQ XT32. Dzina ndi limodzi koma ntchito ndi yosiyana kwambiri. XT32 ili ndi masefa, okweza kapena kutsitsa ma Hz osankhidwa, ochuluka zedi, makamaka ku besi kumene kuli vuto lenileni, pamene MultEQ wamba imangokhudzako. Pa XT ndi XT32 mumayeza malo mpaka 8. Mzere wake wotchedwa Reference umatsitsa tirebo ya pamwamba ndiponso umaika kadzenje kakang'ono cha pa 2 kHz, pamene wa Flat sutsitsa tirebo motero. Audyssey imakondanso kusalaza besi mpaka kukhala yowongoka, ndipo anthu ambiri akangomaliza kuyeza amadandaula kuti besi yathawa. Dynamic EQ ndiyo imaibwezera, kapena mumakweza sabuwufa ndi ma dB angapo. Pali pulogalamu ya pa foni yogula padera, MultEQ Editor, imene imakulolani kuchotsa kadzenje kaja, kusintha mzere, ndi kuiuza Audyssey kuti ikonze besi yokha n'kusiya mawu apamwamba momwe masipika anu amawatulutsira. Kwa munthu amene ali ndi masipika abwino, chimenechi chokha chimasintha risiva kukhala ngati ina.

YPAO ya Yamaha imagwira modekha. Imagwiritsa masefa ochepa, ndipo ili ndi zosankha za Flat, Front ndi Natural. Ubwino wake ndi wakuti siiwononga mawu kawirikawiri, ndipo mumatha kulowa n'kusintha sefa iliyonse pamanja. Kufooka kwake, m'kuona kwanga, kuli ku besi yapansi: chipinda chikakhala ndi vuto lalikulu kumeneko, YPAO ya m'marisiva aang'ono siilimaliza. Marisiva akuluakulu a Yamaha ali ndi YPAO R.S.C. yoyeza malo angapo, imene ili bwinopo. MCACC ya Pioneer ndi DCAC ya Sony ndingaziike m'gulu lomweli la zokonza mosapitirira.

Onkyo ndi chitsanzo chabwino cha mmene dzina limanamizira. Mpaka 2013 inkagwiritsa Audyssey. Mu 2014 inasiya n'kuyamba yakeyake, AccuEQ. Kuyambira 2021 marisiva ake apamwamba, pamodzi ndi ena a Pioneer ndi Integra, amabwera ndi Dirac Live. Ndiye munthu akamati mawu a Onkyo, akunena Onkyo ya chaka chiti?

Dirac Live imachokera ku Uppsala ku Sweden, ndipo imapezekanso mu NAD ndi Arcam, komanso m'marisiva ena a Denon ndi Marantz ngati chowonjezera chogula. Imafuna kompyuta kapena foni, imafuna kuyeza malo 9 kapena kuposa, ndipo imafuna kuleza mtima. Imakonza kukwera ndi kutsika kwa mawu komanso nthawi imene mawuwo amafikira. Chimene ndimaikondera n'chakuti imakusonyezani zonse pa sikirini, mzere wa chipinda chanu ndi mzere umene ikufuna, ndipo mumakoka nokha kuti besi ikwereko kapena tirebo itsikeko. Koma si ya munthu wofuna kudina batani limodzi n'kukhala pansi. Ikayezedwa mwachisawawa imamveka moipa kuposa YPAO yoyezedwa bwino. ARC Genesis ya Anthem, kampani ya ku Canada, ili pafupi ndi Dirac pa mphamvu. Imabwera ndi maikolofoni imene inayezedwa payokha ku fakitale, imasiya dala kukwera kwachibadwa kumene chipinda chimapereka ku besi, ndipo mukapanda kusintha siikhudza mawu opitirira 5 kHz.

Mu 2009 Sean Olive ndi anzake anayesa mapulogalamu angapo okonza chipinda, omvera osadziwa imene ikugwira ntchito. Ena anakondedwa kuposa mawu osakonzedwa, koma si onse. Amene anakondedwa anali a mzere wosalala wotsetsereka, besi ili pamwambako, tirebo ikutsika pang'onopang'ono. Mzere wowongoka ndendende, umene pa pepala umaoneka wolondola, m'chipinda umamveka wowonda. Ine ndimaona kuti chimenechi chimafotokoza mbali yaikulu ya mikangano ija ya yofewa ndi yakuthwa.

Ndinenenso kuti palibe pulogalamu imene imakwirira dzenje la besi lobwera chifukwa cha kufafanizana. Mukawonjezera mphamvu pamenepo, obwerera nawonso amakula n'kufafanizabe. Mankhwala ake ndi kusuntha sabuwufa, kusuntha sofa, kapena kuika sabuwufa yachiwiri. Ngati mukuganiza za ziwiri, funsani ngati mabowo awiri a sabuwufa kuseri kwa risiva ndi odziimira paokha. Pa marisiva ambiri aang'ono ndi bowo limodzi logawidwa pawiri.

Mawati ndi ampulifaya

Ampulifaya imayamba kumveka yokha pamene yatopa. Isanatope, kusiyana n'kochepa. Ndiye funso ndi lakuti itopa liti.

Werengani timalemba tating'ono pafupi ndi nambala ya mawati. Pepala lina limati 100 W, 8 ohms, 20 Hz mpaka 20 kHz, 0.08% THD, matchanelo 2 akulira. Lina limati 165 W, 6 ohms, 1 kHz, 10% THD, tchanelo imodzi. Lachiwirili likuoneka lalikulu, koma layezedwa pa liwu limodzi losavuta, tchanelo imodzi yokha, mawu atayamba kale kusweka, chifukwa THD ndi muyezo wa kupotoka kwa mawu ndipo 10% imamveka ndi aliyense. Manambala onse awiri angathe kukhala a risiva imodzi. Chinyengo cha mawati n'chakalekale, moti bungwe la boma la America la FTC linakhazikitsa lamulo la kayezedwe ka maampulifaya mu 1974. Poyerekeza marisiva, tengani nambala ya mtundu woyamba uja pa onse.

Ngakhale zitatero, mawati sapereka zambiri monga mmene manambala amaonekera. Kuwirikiza mphamvu kawiri kumawonjezera 3 dB yokha. Kuti mawu amveke ngati akwera kawiri pamafunika cha pa 10 dB, kutanthauza mphamvu yowirikiza ka 10. Risiva ya 120 W imaposa ya 100 W ndi 0.8 dB basi. Masipika ndiwo amalamula kwambiri: sipika yotulutsa 90 dB pa wati imodzi imafuna theka la mphamvu imene ya 87 dB imafuna. Muyezo wa m'nyumba zoonetsera mafilimu umalola tchanelo iliyonse kufika 105 dB pa nthawi ya phokoso lalikulu, ndipo tchanelo ya besi 115 dB. Kumeneko n'kukweza koopsa, ndipo m'chipinda chochezera ndi ochepa amene amafikako. Mukamaonera pa -10 dB mukufuna gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvuyo, pa -20 dB gawo limodzi mwa 100.

Maampulifaya onse a mu risiva amadya kuchokera ku thiransifoma imodzi, ngati mipopi 7 pa thanki imodzi: mukatsegula iwiri madzi amathamanga, mukatsegula yonse amachepa ponseponse. Poyeza matchanelo 5 kapena 7 nthawi imodzi, mphamvu ya tchanelo iliyonse imatsika ndithu, nthawi zina mpaka theka. Mwamwayi mafilimu sakankha matchanelo onse mpaka pamapeto nthawi imodzi kwa nthawi yaitali. Koma ngati masipika anu ndi a 4 ohms (ma ohms akachepa, sipika imakoka magetsi ambiri), kapena ndi olembedwa 8 ohms koma amatsika kufika 3 kapena 4 pa ma Hz ena a besi, amakoka magetsi ambiri, ndipo risiva ya thiransifoma yaing'ono imagonja msanga. Mudzamva mawu akuuma ndi kulasa m'makutu pa malo aphokoso, besi ikufooka, mwinanso risiva kudzizimitsa. Kusweka kotere ndi kumene kumawotcha twita, kasipika kakang'ono ka tirebo kaja. Apa kusiyana kwa marisiva n'kwenikweni, ndipo pa marisiva a mtundu wa ampulifaya wotchedwa Class AB mumakumva ngakhale ndi manja mukanyamula, chifukwa kulemera kwake kwambiri ndi thiransifoma ndi zitsulo zoziziritsira.

Marisiva ambiri ndi a Class AB, amene amataya gawo lalikulu la magetsi ngati kutentha. A Class D, monga ena a Pioneer ndi NAD, amatha kugwiritsa cha pa 90% ya magetsi, ndiye amakhala opepuka ndi ozizira. Pa amenewa kulemera sikukuuzani kanthu. A Class D ena akale ankasintha tirebo pang'ono malinga ndi sipika imene mwalumikiza, koma apangidwe abwino a masiku ano anathana nazo. Sindingasankhe risiva chifukwa cha chilembo cha kalasi.

Zinthu ziwiri mu menyu zimafooketsa ampulifaya mwakachetechete. ECO imachepetsa magetsi opita ku maampulifaya. Chosankha cha 4 ohms kapena 6 ohms nachonso chimachepetsa magetsiwo kuti risiva isatenthe, osati kuti ipereke mphamvu yambiri monga ena amaganizira. Risiva yotcheredwa motero ikayerekezedwa ndi inzake yomasuka, imamveka yofooka mukakweza. Chimene risiva imafuna kwambiri ndi mpweya: musaipanikize m'kabati yotseka, ndipo pamwamba pake pasakhale kanthu.

DAC

Pano sindichedwapo. ESS, AKM, Texas Instruments ndi Cirrus Logic onse amapanga tizipangizo timene zolakwa zake zili pansi kwambiri pa zimene khutu lingamve m'chipinda chochezera. Mu Okutobala 2020 fakitale ya AKM ku Nobeoka ku Japan inapsa, ndipo makampani angapo, kuphatikizapo Denon ndi Marantz, anasintha DAC m'marisiva ena dzina la risiva osasintha. Chimene chingamvekeko pang'ono ndi sefa yotsatira DAC: Marantz imakonda sefa imene imayamba kutsitsa tirebo isanafike 20 kHz, ndipo khutu lachinyamata lingaigwire. Denon ndi Marantz zakhala pansi pa kampani imodzi kuyambira 2002 ndipo zimagawana zambiri za m'kati, ndiye kusiyana kwawo kukakhalapo n'kwa mtundu woterewu, kochepa poyerekeza ndi zimene Audyssey imachita pa zonse ziwiri.

Njira zimene muli nazo

Njira yoyamba ndi risiva yaing'ono ya matchanelo 5 kapena 7, yokhala ndi pulogalamu wamba yokonza chipinda. Anthu amaipeputsa mosayenera. Ngati chipinda n'chaching'ono, masipika ndi osavuta kukankha, muli ndi sabuwufa yokhala ndi ampulifaya yakeyake, ndipo mwadula pa 80 Hz, risiva yotereyi siitopa. Chimene mukutaya ndi kukonza bwino besi, ndi mpata wokulitsa m'tsogolo.

Yachiwiri ndi risiva yapakati yokhala ndi MultEQ XT32, Dirac Live kapena ARC Genesis. Kwa anthu ambiri ofunitsitsa mawu abwino, ine ndimaloza kuno. Mawati ake saposa kwambiri a yaing'ono ija, ndipo musaigule chifukwa cha mawati. Mukugula masefa a besi, ufulu wosintha target curve, kawirikawiri mabowo a sabuwufa odziimira paokha, ndi ma pre-out, mabowo olumikizirapo ampulifaya yapadera. Pakati pa zitatuzi sankhani molingana ndi mtima wanu. Wofuna kuyeza kamodzi, risiva ikumutsogolera pa TV, atenge XT32. Wokonda kukhala ndi laputopu madzulo onse akukoka mizere atenge Dirac kapena ARC. Kugula Dirac n'kusaiyeza bwino n'kuponya ndalama m'madzi.

Yachitatu ndi risiva ya ma pre-out pamodzi ndi ampulifaya yapadera, mwina ya matchanelo 2 kapena 3 akutsogolo. Imeneyi ndi ya munthu amene wamvadi risiva ikutopa: chipinda chachikulu, mpando uli kutali, masipika a 4 ohms kapena osamva msanga, ndipo amakonda kukweza. Kwa iye kusintha kumamveka tsiku lomwelo, ndipo thiransifoma ya risiva imatsala ndi masipika ozungulira okha. Koma kwa woonera pa -25 dB ndi masipika osavuta, ampulifaya yapaderayo idzangokhala, chifukwa mawati amene ikupereka sadzaitanidwa. Ubwino wina wa njirayi ndi wakuti ampulifaya siikalamba msanga. HDMI imasinthasintha, ndipo risiva imatha ntchito chifukwa siidutsitsa zithunzi za mtundu watsopano, monga 4K pa 120 Hz kapena HDR yatsopano, pamene maampulifaya ake ali bwinobwino. Ampulifaya yapadera imatha kutumikira marisiva angapo motsatizana.

Yachinayi ndi kusagula risiva n'komwe. Ngati imene muli nayo ikudutsitsa zithunzi zimene mukufuna ndipo siikutopa, ndalamazo zingachite zambiri pa sabuwufa yabwino kapena yachiwiri, pa sipika yapakati yabwinopo, popeza mawu ambiri a anthu olankhula mufilimu amadutsa mmenemo, kapena pa kapeti ndi makatani olemera m'chipinda cha matailosi ndi magalasi. Ndipo musanatulutse kalikonse, yezaninso chipinda mosamala, ikani masipika pa Small, zimitsani Dynamic Volume, muone ngati dandaulo lanu likadalipo. Njira imeneyi ndiyo ndimayamba kuitchula munthu akandiuza kuti sakumva bwino zolankhula kapena besi ikungolindima, chifukwa madandaulo awiriwa kawirikawiri si a ampulifaya.

Mukapeza mwayi woyerekeza marisiva awiri nokha, chitani kawiri. Poyamba ikani onse pa Direct kapena Pure Direct, imene imalambalala zokonza zonse, ndi nyimbo ya matchanelo 2 pa masipika omwewo. Lizani liwu la 1 kHz, yezani ndi mita ya magetsi kuseri kwa sipika, ndipo linganizani mavoti mpaka afanane. Mita ya phokoso ya pa foni siikwanira pa ntchito imeneyi. Mnzanu azisintha inu osaona, ndipo asachedwe, chifukwa khutu limakumbukira tsatanetsatane wa mawu kwa masekondi ochepa chabe. Dziwani kuti pa marisiva ambiri Pure Direct imasiya sabuwufa kunja pa nyimbo za matchanelo 2, ndiye masipika akunyamula besi yonse okha, ndipo mukakweza kwambiri mudzaona imene ikuyamba kutopa. Kachiwiri yezani chipinda ndi pulogalamu ya risiva iliyonse, maikolofoni pa malo omwewo, podulira besi pofanana, Dynamic EQ ndi zinzake zitazimitsidwa, kenako muike filimu imene mumaidziwa bwino, pa malo amene muli anthu olankhula motsitsa ndi phokoso lalikulu motsatizana.